Yogati wosagwira ndi mbuzi zochepa magazi: lipoti la khola lina la mbuzi za mkaka

Lipotili likunena za khola la mbuzi za mkaka pafupifupi 40 m'dera lotentha lomwe mvula yake imagwa nyengo imodzi pachaka. Eni ake ndi mayi ena omwe amakama mbuzizo n'kumapanga yogati wogulitsa, ndipo pambali amawetanso nkhuku zoikira. Ndalemba mwatsatanetsatane chifukwa dandaulo lomwe anandiitanira linali la m'chipinda chophikira mkaka, pamene gwero lake linali kumsipu ndi kwa tonde.

Dandaulo

Yogati anali atasiya kugwira. Masiku ena ankagwira bwinobwino, masiku ena ankangokhala madzi ngakhale atamusiya usiku wonse. Mayiwa anali atasintha kangapo konse yogati woyambira (uja amathira pang'ono mumkaka kuti uwawase), atagula choyezera kutentha chatsopano, mpaka kumukayikira mnyamata wokama kuti mwina akuthira madzi mumkaka. Zakuti mkaka watsika komanso kuti ana a mbuzi akufa akangoleka kuyamwa anangozitchula modutsa. Pempho lawo lenileni linali lina: "Alangizi, mundipezere tonde wa Saanen weniweni. Magazi a mbuzi zangazi asukuluka." Saanen ndi mtundu wa mbuzi zoyera za mkaka zochokera kunja.

Ndinayamba ndi mkaka, popeza ndi umene unkabweretsa ndalama. Kaphikidwe kawo kanalibe vuto. Ankatenthetsa mkaka kufika madigiri 85 kwa mphindi 30, kuuziziritsa kufika pa 43, kuthira woyambira, n'kuufunditsa. Yogati wa mkaka wa mbuzi amakhala wofewerapo kusiyana ndi wa ng'ombe, chimenecho n'chibadwa chake, koma amawawasa ndithu. Wa mayiwa sankawawasa n'komwe. Mkaka ukapanda kuwawasa pakatha maola 6 uli pamalo ofunda, ndiye kuti mabakiteriya owawasitsa aja afa kapena china chake chawamanga.

Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo sikufuna labotale. Tinatenga timakapu toyera, m'kapu iliyonse mkaka wa mbuzi imodzi, tinautenthetsa, n'kuthira woyambira yemweyo mofanana. Kapu ina tinaikamo mkaka waufa wosungunula kuti tione ngati woyambirayo ali moyo. Pofika madzulo kapu ya mkaka waufa inali itagwira, makapu ambiri analinso atagwira, koma angapo ochepa anali chimodzimodzi mmene tinawasiyira, supuni ikungodutsa. Titayang'ana manambala a mbuzi zake, mnyamata uja ananena yekha kuti zimenezo ndi zomwe anazibaya jakisoni sabata yomweyo chifukwa zinkaoneka zofooka. Botolo lake linali pawindo la khola: oxytetracycline, mankhwala olimbana ndi mabakiteriya, wa mtundu wokhalitsa m'thupi. Mankhwala otere amatulukira mumkaka kwa masiku angapo, kutenthetsa sikuwachotsa onse, ndipo mkaka wa mbuzi imodzi yokha ukhoza kuononga ndowa yonse. Sabata yobaya, yogati ankakana; sabata yosabaya, ankagwira.

Nkhani ya yogati ikanathera pomwepa. Koma panatsala funso loti mbuzizo zinkafookeranji.

Zimene ndinapeza m'khola

Mbuzi zofookazo sizinkatentha thupi, sizinkatsokomola, sizinkatsekula m'mimba, ndipo mabere ake anali ofewa opanda zotupa. Zinali zowonda, ubweya uli nyankhalala, ndipo zikamachokera kubusa zinkatsalira m'mbuyo. Ziwiri zinali zotupa kunsi kwa chibwano, kutupa kwa madzi komwe ukakanikiza ndi chala pamatsala kadzenje. Nditatsitsa chikope cham'munsi cha mkota womwe mayiwa amaunyadira kwambiri, m'kati mwake munali moyera ngati pepala.

Mwana wa mbuzi wina anali atafa usiku womwewo, ndipo ndinapempha kuti timutumbule onse akuona. Nyama yake inali yotuwa, magazi ake amadzimadzi. Titang'amba chigawo chachinayi cha chifu, chomwe chimalumikizana ndi matumbo, n'kutsukira zam'katimo m'beseni, pansi pake panatsala tinjoka tambirimbiri tonga ulusi, totalika masentimita awiri kapena atatu. Tatikazi tinali ndi mizere yofiira ndi yoyera yopotana. Izi ndi njoka za Haemonchus contortus. Iliyonse imayamwa magazi okwana pafupifupi 0.05 ml patsiku, kotero mbuzi yokhala ndi njoka 1,000 imataya 50 ml tsiku lililonse. Yaikazi imodzi imaikira mazira 5,000 mpaka 10,000 patsiku. Kukakhala kofunda ndi konyowa, mazirawo amaswa ndipo pasanathe sabata timphutsi take timakhala takwera pa udzu, makamaka kunsi pafupi ndi nthaka, kudikira kudyedwa. Tikalowa m'mimba, pakatha masabata atatu nato timayamba kuikira.

Chimene chimasokoneza oweta ambiri n'chakuti njokazi kawirikawiri sizitsekulitsa m'mimba. Munthu amayang'ana ndowe, n'kuona zili zouma bwino, n'kuganiza kuti vuto si njoka. Akatero amathamangira jakisoni wa mabakiteriya, yemwe pa njoka alibe ntchito.

Mayiwa anakana poyamba, ndipo anali ndi chifukwa chomveka. "Njoka zichokera kuti, pamene ine ndimamwetsa khola lonse mwezi ndi mwezi?" Kwa zaka zingapo ankamwetsa mankhwala a njoka a albendazole, nthawi zina ivermectin, mbuzi zonse tsiku limodzi. Mlingo ankawerenga pabotolo, womwe ndi wa nkhosa, ndipo kulemera kwa mbuzi ankangoyerekeza ndi maso. Thupi la mbuzi limachotsa mankhwalawa msanga kuposa la nkhosa, n'chifukwa chake madotolo amakweza mlingo wa albendazole ndi ivermectin pafupifupi kawiri, ndipo wa levamisole kamodzi ndi theka basi, popeza ameneyu ukapitirira pang'ono amapha mbuzi. Kumwetsa kochepa, pafupipafupi, kwa mbuzi zonse, ndiyo njira yachidule yoweta njoka zosamva mankhwala. Zomva zimafa, zosamva zimatsala, ndipo ndizo zokha zimadzaza msipu ndi mazira.

Pofuna umboni, ndinagawa mbuzi zomwe zinali zisanafike pangozi m'magulu atatu. Tinaziyeza pasikelo, kutenga ndowe za iliyonse, kuwerenga mazira pa maikulosikopu mwa njira ya McMaster, kumwetsa gulu lililonse mankhwala ake pamlingo woyenera, n'kudzawerenganso pakati pa masiku 10 ndi 14. Mankhwala ogwira ntchito amayenera kutsitsa mazira ndi 95 pa 100 kapena kuposa. Pa gulu la albendazole mazira sanatsike ngakhale ndi theka. Ivermectin anachitako bwino koma sanafike. Levamisole yekha, yemwe anali asanagwiritsidwepo ntchito pakholali, ndiye anapyola mzere. Mbuzi zomwe zikope zake zinali zoyereratu sitinazidikiritse zotsatira. Tinazimwetsa tsiku lomwelo, kuzitsekera m'khola ndi kuziwonjezera chakudya chomanga thupi.

Ndani akudwala?

Apa m'pamene nkhaniyi inandikoka mtima. Si mbuzi zonse zinali zochepa magazi. Tinayang'ana chikope cha mbuzi iliyonse ndi khadi la FAMACHA, lomwe linapangidwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1990 ndipo linatenga dzina kwa dotolo Faffa Malan. Lili ndi mitundu isanu, kuyambira 1, chofiira bwino, mpaka 5, choyera. Kenako tinakhala pansi ndi mayiwa kulondoloza kuti mbuzi iti inabadwa kwa iti. Kaundula panalibe, koma iwo ankazidziwa zonse pamtima.

Kholali linayamba ndi mbuzi zamakolo. Tonde woyamba wa Saanen anabereketsa ana a magazi theka ndi theka. Anawo atakula anakwerana ndi tonde wachiwiri wa Saanen, n'kubereka a magawo 75 pa 100. Tonde wachiwiriyu sanachoke. Anakhala pakholapo mpaka kukwera ana ake omwe, ndipo obadwawo anali a magawo 87.5 pa 100 a Saanen, komanso obadwa pachibale. Tonde akakwera mwana wake, wobadwayo amakhala ndi chibale cha 25 pa 100, chofanana ndi cha mbuzi zobadwa kwa mlongo ndi mlongo wake a make ndi tate mmodzi. Titaika mitundu ya chikope pambali pa mbiriyi, zinaoneka poyera. Mikota yakale ya theka ndi theka, kuphatikizapo mbuzi zamakolo zochepa zomwe zinatsala, zinali pa 1 ndi 2. Pa 4 ndi 5 panadzaza zoyera zokongola zija za m'badwo wachitatu ndi ana awo.

Khola limodzi si kafukufuku, ndipo pano zinthu zitatu zinalowererana moti sindingazilekanitse: kuchuluka kwa magazi a Saanen, chibale, ndi msinkhu, pakuti mbuzi zazing'ono ndi zongobereka kumene zimagonja msanga ku njoka ngakhale zitakhala za mtundu uti. Komabe zomwe ndinaonazi sizachilendo. Kafukufuku wa bungwe lofufuza za ziweto la ILRI m'mbali mwa nyanja ku Kenya anaonetsa kuti mbuzi za Small East African zimapirira njoka kuposa za Galla, ndipo nkhosa za Red Maasai kuposa za Dorper. Kupirira njoka kumayenda m'magazi. Saanen inachokera m'chigwa chozizira cha ku Switzerland, ndipo anthu anaisankhira mkaka. Za njoka za m'madera otentha palibe anaifunsapo.

Ena anganene kuti magawo 75 pa 100 anayenda bwino kwina, ndipo n'zoona. Ku Meru m'dziko la Kenya, ntchito ya bungwe lothandiza alimi la FARM-Africa inkalinga pa magawo 75 a Toggenburg, mtundu winanso wa mbuzi za mkaka za ku Switzerland. Koma kumeneko mbuzi zinkakhala m'makola am'mwamba, kudya zomwetedwa, ndipo atonde ankasinthanitsidwa pakati pa magulu kuti asakwere ana awo. Pa khola lino mbuzi zinkatuluka mame asanaume kupita kudambo lomwelo tsiku ndi tsiku, n'kumabudula udzu mpaka pansi. Magazi akakwera, kasamalidwe nako kayenera kukwera, ndipo pano kanatsala pomwe kanali nthawi ya mbuzi zamakolo. Ofufuza ena ku Kenya komweko anasankha kuima pa theka: mbuzi yotchedwa Kenya Dual Purpose Goat inapangidwa ndi magawo ofanana a Toggenburg, Anglo-Nubian, Galla ndi Small East African.

Chovuta chinali kuwathandiza mayiwa kuti asamayeze mbuzi ndi ndowa ya tsiku limodzi. N'zoona kuti mkota woyera uja, mwezi woyamba utabereka, unkadzaza chikho kuposa ina yonse. Koma tinawerengera limodzi: miyezi ingati unakamidwa usanaume, masiku angati mkaka wake unkayenera kutayidwa chifukwa cha mankhwala, ana ake angati anakula. Pa ana ake onse panalibe ndi mmodzi yemwe wofika pokwerana. Pambali pake panali mkota wamawanga wa theka ndi theka, womwe palibe ankautchula, wosadwala, wokamidwa mpaka kumapeto, wobereka mapasa okula. Mayiwa anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ameneyo ndimangomuona ngati wodzazitsa khola."

Nkhuku

Yogati wokanika ndi mkaka wotsala ankazithira m'chakudya cha nkhuku. Kuwononga chakudya palibe amafuna, koma mkaka wokhala ndi mankhwala ukapita kwa nkhuku yoikira, mankhwalawo amakalowa m'dzira, ndipo popeza yolk, chachikasu cha dzira, amatenga masiku pafupifupi 10 kuti akhwime, amapitirira kutuluka m'mazira ngakhale mutasiya. Chakudya chonyowacho chinkagonanso m'modyera n'kuchita nkhungu, zomwe m'dera lotentha zimabweretsa chiopsezo cha aflatoxin, poizoni wochokera ku nkhungu. Vuto lina linali loti chakudya chogula cha nkhuku zoikira ankachisakaniza ndi madeya theka ndi theka kuti chikhalitse, ndipo mazira ambiri ankatuluka ndi zigoba zopyapyala. Nkhuku yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndipo chakudyacho chimafunika kukhala ndi zomanga thupi 16 mpaka 18 pa 100 ndi calcium 3.5 mpaka 4 pa 100, chifukwa chigoba chimodzi chimatenga magalamu pafupifupi 2 a calcium. Madeya alibe calcium wokwanira n'komwe. Tinasiya kusakanizako, tinaika miyala ya laimu yosinja mokhakhala m'chodyera chapadera, ndipo zigoba zinalimba pasanapite nthawi. Mbali iyi inali yosavuta.

Zimene tinachita ku mbuzi

Botolo la oxytetracycline linachoka pawindo. Tsopano mbuzi iliyonse yopatsidwa mankhwala imamangidwa kansalu kofiira m'khosi, imakamidwa pomaliza m'chiwiya chake, ndipo mkaka wake umatayidwa m'dzenje mpaka masiku omwe dotolo wanena atatha. Ikamabwerera mundowa imayamba yadutsa pa kuyesa kwa kapu kuja.

Kumwetsa khola lonse tinasiya. M'nyengo ya mvula mnyamata wokama amayang'ana zikope pakatha masabata awiri aliwonse, panja powala, ndipo amamwetsa za pa 4 ndi 5 zokha, kuwonjezapo za pa 3 ngati ndi ana kapena mikota yoyamwitsa. Iliyonse imayamba yakwera pasikelo. Mayiwa anavutika nayo mfundo imeneyi, ndipo ndikuwamvetsa: kusiya mbuzi ili ndi njoka dala kumaoneka ngati ulesi. Koma njoka zambiri zimakhala m'mbuzi zochepa, ndipo mbuzi zolimba zosamwetsedwazo zimasunga njoka zomwe sizinakumanepo ndi levamisole. Zimenezo zikamakwerana ndi zopulumuka mankhwala, kusamva kumachedwa kufalikira. Pakholali levamisole ndiye wotsala yekha, ndipo atati amwetsedwe mmene ankamwetsedwera albendazole, nayenso atha.

Kudambo tinaletsa m'nyengo ya mvula. Busa la kumtunda tinaligawa kuti mbuzi zisakhale pagawo limodzi kupitirira masiku anayi, ndipo zisabwererepo mwezi usanathe. Njirayi imadalira mfundo yoti m'madera otentha ndi onyowa timphutsi timaswa msanga komanso timafa msanga. M'dziko la Tonga, la zilumba za m'nyanja ya Pacific, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ofufuza anayesa kugawa busa m'magawo 10 a masiku atatu ndi theka lililonse ndipo mazira a njoka m'ndowe za mbuzi anatsika kwambiri. Kumalo ozizira timphutsi timakhala miyezi, choncho njirayi siigwira chimodzimodzi. Mikota yokamidwa ndi ana ongoleka kuyamwa tsopano amadya m'khola udzu womweta ndi masamba a mitengo ngati Leucaena, Calliandra ndi Gliricidia, m'modyera mokwezeka kuti ndowe zisagweremo. Leucaena sitiipereka yokha chifukwa cha poizoni wake wa mimosine. Imasakanizidwa ndi zina. Masambawa ali ndi zomanga thupi zambiri, ndipo mbuzi yodya bwino imabwezera magazi msanga.

Za tonde ndi zomwe tinakambirana nthawi yaitali. Wokalambayo anagulitsidwa, ndipo ana ake aamuna onse anathenedwa. M'malo mwa Saanen weniweni, ndinalangiza tonde wa theka ndi theka wochokera ku khola lopanda ubale ndi lino, wobadwa kwa mkota wodziwika kuti ndi wamkaka komanso wosadwaladwala. Akakwera ya magawo 87.5, ana amatsikira pafupi ndi 69. Akakwera ya 75, amakhala 62.5, ya theka imabereka theka. Ndinawachenjezeratu kuti ana a tonde wosakaniza safanana, ena adzatengera uku ena uko, kotero ntchito yosankha sitha. N'chifukwa chake tinatsegula kaundula: nambala ya mbuzi, make ndi tate wake, tsiku lobereka, mkaka woyezedwa kamodzi pa sabata, mtundu wa chikope, ndi tsiku lililonse lomwe yamwa mankhwala. Mbuzi yomwe ikubwerabwera pamzere womwetsedwa nyengo imodzi ya mvula, iyo ndi ana ake sizisungidwa ngati mbewu.

Tonde watsopanoyo atafika sanalowe m'khola. Anakhala payekha mwezi wathunthu, magazi ake anayezedwa brucellosis (matenda ochititsa mbuzi kutaya bere) ndi CAE (matenda otupitsa mawondo a mbuzi), anamwetsedwa mankhwala a njoka, ndipo ndowe zake zinawerengedwanso asanaponde pabusa. Njoka zosamva mankhwala zimagulidwa limodzi ndi ziweto, ndipo n'kutheka kuti zina za pakholali zinabwera ndi atonde akale aja. Kuyeza brucellosis n'kofunika kwambiri kwa mbuzi za mkaka chifukwa bakiteriya woyambitsa matendawa, Brucella melitensis, amagwiranso anthu kudzera mumkaka wosaphika. Wa yogati umatenthetsedwa kale mokwanira, koma womwa ndinaumirira kuti uzifika madigiri 63 kwa mphindi 30 kapena 72 kwa masekondi 15, kenako uziziritsidwe msanga. Tondeyu sadzapitirira miyezi 18 pakholali. Bere la mbuzi ndi la masiku pafupifupi 150, ndipo misoti ikhoza kufuna tonde isanakwanitse chaka, choncho akachedwa kuchoka adzapeza ana ake atakula. Khola lake lili kutali ndi pokamira, popeza fungo la tonde limalowa mumkaka.

Mmene zilili

Yogati anayambanso kugwira sabata yomwe jakisoni anasiyidwa, ndipo sanakanenso. Nyengo ya mvula yotsatira ana a mbuzi anafa ochepa kwambiri poyerekeza ndi kale, ndipo omwe anafawo sizinali njoka. Mkaka wa tsiku sunafike pomwe mayiwa ankaufuna, chifukwa mikota ingapo yoyera inagulitsidwa, koma wotayidwa ndi wochepa ndipo mbuzi zikukamidwa nthawi yaitali.

Si zonse zinayenda monga ndinalangizira. Mkota woyera wokondedwa uja ulipobe. Mayiwa anati sangaugulitse, ndipo tinagwirizana kuti uzikhala m'khola osapita kubusa, komanso ana ake aamuna azithenedwa. Kugawa busa kumasokonekera mnyamata wokama akachoka, chifukwa wogwirizira amangotsegula chipata chapafupi. Ana aakazi a tonde watsopano sanayambe kukamidwa, choncho za mkaka wawo tidzaziona m'kaundula akadzabereka. Mvula ikadzayamba tidzabwerezanso kuwerenga mazira pa gulu la levamisole. Akadzapezeka kuti watsika pansi pa 95 pa 100, mikota yonse yokamidwa idzayenera kuchoka pabusa n'kumadya zomwetedwa chaka chonse, ndipo mayiwa ayamba kale kudzala mitengo ya masamba m'malire mwa munda.